Kodi Mumadziwa? Arnold Theiler, Dokotala wa Ziweto wa Dzanja Limodzi

Kodi mumadziwa kuti kachilombo kamene kamatha ng'ombe m'makola kuno kwathu kali ndi dzina la munthu? Akatswiri amakatcha Theileria parva, ndipo ndi kamene kamayambitsa East Coast fever, nthenda imene alimi ambiri a kummawa kwa Zambia amati chigodola. Mwini dzinalo ndi Arnold Theiler, dokotala wa ziweto wobadwira ku Frick, ku Switzerland, mu 1867.

Kodi mumadziwa kuti ntchito yake yonse ya kafukufuku anaigwira ndi dzanja limodzi? Atafika ku South Africa mu 1891, ntchito ya udokotala sinapezeke msanga, ndiye analembedwa ntchito pafamu ina ku Irene, kufupi ndi Pretoria. Kumeneko makina odulira chakudya cha ziweto anamudula dzanja lamanzere. Pofika 1896, chaka chimene mliri wa rinderpest unkapulula ng'ombe kummwera kwa Africa, munthu yemweyu anali dokotala wa ziweto wa boma la Transvaal.

Kodi mumadziwa kuti East Coast fever itabuka ku South Africa mu 1902 anthu anaisokoneza ndi nthenda ina? Inabwera ndi ng'ombe zochokera kugombe la kummawa kwa Africa. Ambiri ankati ndi redwater, nthenda ija yokodzetsa ng'ombe magazi, ndipo ngakhale Robert Koch, katswiri wotchuka wa ku Germany, poyamba anaganiza choncho. Koma ng'ombe zoti redwater zinaipirira kale zinkafabe. Mu 1904 Theiler anaonetsa kuti kachilomboka ndi kena. Amene anatsimikiza kuti kamafala ndi nkhupakupa yofiirira yokonda kukhala m'makutu anali Charles Lounsbury, katswiri wa tizilombo wa ku Cape. Mukaona thole litatupa mwanabele kunsi kwa khutu, thupi lili moto, likupuma mobanika, kenako thovu kumphuno, tembenuzani khutulo muone mkati. Dibi amene alangizi amatikumbutsa uja ndiye anathandiza kwambiri, pamodzi ndi kuletsa kuyendetsa ng'ombe, kuti South Africa ithane ndi nthendayi cha m'ma 1955.

Kodi mumadziwa kuti katemera wina wa Theiler akugwirabe ntchito? Mu 1910 anatulukira Anaplasma marginale, kachilombo koyambitsa nthenda ya ndulu, ndipo mu 1911 anapeza m'bale wake wofooka, Anaplasma centrale. Ng'ombe ikabayidwa kofookako, koopsa kaja sikaigwetsa.

Nanga za ng'ombe zotafuna mafupa munazimva? Pa zonse zimene anachita, iyi ndiye imandigwira mtima. Kwa zaka zambiri alimi a kumadera ouma a ku South Africa ankaona ng'ombe zawo zikufa ziwalo, kugona pansi osadzukanso. Nthendayi ankaitcha lamsiekte, ndipo ena ankaloza chala udzu, ena madzi. Mu 1919, ali pafamu ya Armoedsvlakte kufupi ndi Vryburg, Theiler anatsata zimene ng'ombezo zinkachita kubusa. Zinkatola mafupa a nyama zakufa n'kumatafuna. Chifukwa chake? Msipu wa kumeneko unali wosowa phosphorus, ndipo thupi linkazikakamiza kusaka mcherewo m'mafupa. M'mafupa owolawo munali poizoni wa botulism. Mankhwala ake anali oti mlimi aliyense angathe: kuchotsa mitembo ya nyama kubusa, ndi kupatsa ng'ombe ufa wa mafupa ophikidwa bwino kuti chilakolako chija chithe. Abusa akhala akuona ng'ombe ikutafuna fupa kuyambira kalekale, koma iye anafunsa kuti ikufunamo chiyani.

Kodi mumadziwa kuti malo ofufuzira matenda a ziweto a Onderstepoort anatsegulidwa mu 1908 iye ali mkulu wake? Mu 1920 pamalo pomwepo panayamba sukulu ya madokotala a ziweto, ndipo woitsogolera woyamba anali iyeyo. Anamwalira ku London mu 1936.

Kodi mumadziwa kuti ana ake anatengera? Max Theiler analandira mphoto ya Nobel mu 1951 chifukwa cha katemera wa yellow fever. Gertrud Theiler, amene satchulidwa mokwanira, anathera zaka zambiri ku Onderstepoort akulemba mitundu ya nkhupakupa za mu Africa ndi madera kumene iliyonse imapezeka.

Pomaliza, kodi mumadziwa kuti katemera wa East Coast fever amapangidwa ku Lilongwe? Njira yake inapezeka ku Muguga, ku Kenya, m'zaka za m'ma 1970, ndipo kuyambira 2014 bungwe la Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases lakhala likumupanga. Thole limabayidwa tizilombo tamoyo ta Theileria parva pamodzi ndi mankhwala a oxytetracycline nthawi imodzi, kuti lidwale pang'ono chabe n'kuchira. Likabayidwa kamodzi limatetezedwa moyo wake wonse, ndipo amaliika chizindikiro pakhutu.