Nkhuku zolowerera za pa zilumba

Nkhuku zolowerera ndi nkhuku zomwe makolo ake anali oweta, koma tsopano zimakhala ndi kuswana zokha kutchire popanda mwini. Zimapezeka zambiri pa zilumba za kumadera otentha, monga Kauai ku Hawaii, Key West ku Florida ndi zilumba za Cayman.

Chiyambi

Nkhuku zoweta zinachokera ku mbalame ya m'nkhalango za kum'mwera chakum'mawa kwa Asia yotchedwa Gallus gallus. Mbalameyi imapalasa pansi kufuna tizilombo ndi njere, ndipo imagona m'mitengo. Nkhuku zachikuda sizinataye khalidweli, n'chifukwa chake sizivutika kubwerera kutchire.

Chilumba cha Kauai

Anthu a ku Polynesia ndi amene anafika ndi nkhuku zoyamba ku Hawaii zaka mazana angapo zapitazo. Mu 1982 namondwe Iwa anaomba pa Kauai, ndipo mu 1992 kunabweranso namondwe Iniki. Anamondwewa anagumula makola, nkhuku zoweta n'kumwazikana ndi kukaswana ndi zakutchire zija. Lero zimayenda m'misewu, m'minda ndi m'mbali mwa nyanja.

Zifukwa zomwe zimachulukira

Chachikulu ndi kusowa kwa adani. Mu 1883 eni minda ya nzimbe anabweretsa nyenga za ku Asia ku Hawaii kuti zizipha makoswe. Nyengazi zimadyanso mazira ndi anapiye, koma pa Kauai sizinakhazikike. Choncho thadzi limatha kukhalira mazira patchire masiku 21 mpaka kuswa.

Chachiwiri ndi nyengo. Kulibe chisanu chopha anapiye, ndipo tizilombo, zipatso ndi njere zimapezeka chaka chonse. Chachitatu ndi anthu: zotsala za m'madzala ndi zomwe alendo amaziponyera zimawonjezera chakudya.

Kusiyana ndi ku Malawi

M'midzi ya kwa Dambe m'boma la Mchinji, monga m'madera ambiri a Malawi, nkhuku zachikuda zimayenda momasuka masana, zikudya chiswa, ziwala ndi madeya. Komabe sizikhala zakutchire. Kabawi amafwamba anapiye, ndipo vumbwe, nyenga ndi njoka zimagwira yomwe yagona kunja kwa khola. Matenda a chitopa, omwe amavuta kwambiri nyengo yotentha, amatha kumaliza nkhuku za mudzi wonse zikapanda kulandira katemera. Pamwamba pa izi, nkhuku ndi ndiwo ya mlendo komanso ndalama ya pangozi, kotero siisowa woifunafuna ikasochera.

Mavuto

Kumene zachuluka, nkhukuzi zimafukula mbewu, zimaipitsa malo ndi zitosi, ndipo atambala amasowetsa anthu tulo. Anthu a pa zilumbazi sagwirizana chimodzi: ena amafuna zichepetsedwe, pomwe ena amaziona ngati chizindikiro cha kwawo chokopa alendo.