KHASU TINALISIYA KWATHU, KOMA MBALE TINABWERA NAYO

Abale ndi alongo, makolo ndi ana athu a ku Germantown,

Pa tsamba lino tinazolowera kuwerenga za zopereka za mwezi ndi maina a amene atisiya. Lero tapempha malo kuti tikambe za amoyo. Ife amene timakhala pa maliro kuyambira usiku woyamba kufikira bokosi litakwera ndege kunka kwathu, timamva zimene anamfedwa amanena motsitsa mau: "Anali bwino bwino, koma BP." "Anali ndi shuga, koma sanadziwe." Mau amenewa tawamva kokwanira, ndipo ena mwa amene tawalira anali asanamere imvi. Akulu anati cakudza siciyimba ng'oma. Cifukwa cace tati tikambirane za thupi, za kudya ndi za kuyenda, tikali ndi mpweya.

MBALE YA KU MUNDA

Ambiri a ife tinakulira pa maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, ena pa minda ya fodya ku Kasungu, ndipo ena makolo ao anagwira nchito pa mafamu a ku Zimbabwe. Tikumbuka umo tsiku linali kuyendera. Kudzuka kusanace, kuyenda pansi kunka ku munda, kulandira ndime kwa kapitao, kusenza dengu la tiyi ku msana kufikira dzuwa litapendeka. Pobwera amai anali ndi madzi otunga, nkhuni zotola ndi cimanga cosinja. Munthu wotere akakhala pansi ndi kudya mitanda inai ya nsima, palibe anadabwa, pakuti m'mawa mwace nsima yonseyo inali kuthera pa khasu.

Germantown nayenso anali dera la alimi. Njanje ya sitima inafika kuno m'caka ca 1873, ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pace kunali minda ndi makola a ng'ombe. Lero ndi mzinda wa anthu oposa 91,000, monga anawerengera m'caka ca 2020, ndipo anaumanga poganizira galimoto. Bambo acoka pa khomo kulowa m'galimoto, akhala pa mzere wa magalimoto pa msewu wa I-270, akhala pa mpando ku nchito, nabwera momwemo. Mai wogwira nchito yosamalira okalamba acoka pa nchito ya usana kulowa ya usiku, ndipo cakudya ca ana acigula pa zenera la sitolo osatsika m'galimoto. Khasu tinalisiya kwathu, koma mbale tinabwera nayo, ndipo kuno taionjezera nyama ya tsiku ndi tsiku, mafuta ndi zakumwa zotsekemera.

Bvuto limeneli siliri la ife tokha ai. A bungwe la CDC, limene liyang'anira za matenda m'dziko la America, apeza kuti akulu pafupifupi anai mwa khumi ali onse ndi onenepa kopitirira muyeso, ndipo mwa ana ndi acinyamata, pafupifupi mmodzi mwa asanu. Kwathu nakonso zayamba: kalembera wa za umoyo wa ku Malawi wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti amai 21 mwa 100 ali onse a zaka 15 kufikira 49 anali olemera kuposa muyeso.

CIMENE CITIMANGA MANJA

Tinene zoona, abale. Kwathu kunenepa ndi ulemu. Munthu akatsika ndege ku Lilongwe ali ndi mimba, anansi amati, "Akupeza bwino ku America." Ndipo tonse tikumbuka zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inali kupululutsa anthu, mankhwala aulere asanayambe kugawidwa m'caka ca 2004. Masiku amenewo munthu akaonda, manong'onong'o anali kumtsata pa njira. Mantha amenewo ena a ife tikali nao. Mai wina wa m'gulu lathu, dokotala atamuuza kuti acepetse thupi, anayankha kuti, "Nanga kwathu akaona cithunzi adzati ciani?"

Ana athu ali ndi bvuto lina losiyana. Ku sukulu ndi pa foni amaona zithunzi za anthu oonda ngati bango, ndi malonda a tiyi ndi mapilitsi oti amasungunula mafuta pa sabata imodzi. Ku nyumba timawauza kuti, "Tsiriza nsimayo, kwathu anzako akugona ndi njala." Mwana ali pakati, osadziwa womvera.

Tinaona ndi maso athu pa khomo lina. Azakhali ocokera kwathu atangolowa m'nyumba anati kwa msungwana wa zaka khumi ndi zisanu, "Iwe, wanenepatu! Ukudya ciani kuno?" Onse anaseka, pakuti azakhali anali kuyamika. Msungwanayo sanaseke. Anayamba kunena kuti wadya kale ku sukulu, ndipo ku sukulu anali kutaya cakudya cace. Makolo, pokhala otanganidwa, anazindikira patapita miyezi, mwana atayamba cizungulire. Mwai wace anafika naye msanga kwa dokotala.

Madokotala a ana a bungwe la American Academy of Pediatrics analemba za zimenezi m'caka ca 2016. Anati kumana wacinyamata cakudya, kumseka cifukwa ca thupi lace, ngakhale kumangokamba za kulemera kwa thupi pa nyumba, kumacititsa mabvuto awiri onse: ena amanenepa koposa, ena amadwala nthenda yodzimana cakudya. Cimene anapeza kuti cithandiza ndico kudyera pamodzi monga banja, kawiri kawiri, ndi kusintha kadyedwe ka nyumba yonse. Mwana akali kukula. Mafupa ace ndi magazi ace afuna cakudya cokwanira. Musamuikire mbale yace yace ngati wolakwa. Mbale ya atate iyambe ndiyo kusintha.

ZIMENE ANAPEZA KUFUPI NDI KUNO

Ku Bethesda, m'boma lathu lomweli la Montgomery County, kuli likulu la zofufuza za matenda lochedwa National Institutes of Health. Ndiwo analipira nchito yaikuru yochedwa Diabetes Prevention Program, imene zotsatira zace zinaturuka m'caka ca 2002. Anatenga anthu 3,234 amene shuga wao anali atayamba kukwera koma asanadwale, nawagawa m'magulu. Gulu lina analipempha zinthu ziwiri zokha: kucepetsa thupi ndi magawo 7 pa 100, ndi kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata. M'gulu limeneli odwala shuga anacepa ndi 58 pa 100 poyerekeza ndi amene anangolandira malangizo wamba. Gulu lomwa mankhwala a metformin linacepetsa ndi 31 pa 100. Miyendo ndi mbale zinaposa mapilitsi.

Taonani kucepa kwace kwa cimene anapempha. Munthu wolemera mapaundi 200 afunika kutaya mapaundi 14 okha, ndipo osati pa mwezi umodzi. A CDC amati kutaya paundi imodzi kapena awiri pa sabata ndiko kokhalitsa. Pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Ku Bethesda komweko, dokotala Anne Sumner ndi anzace anapima kwa zaka zambiri anthu obadwira ku Africa okhala m'dera la Washington. Anapeza kuti ambiri anali ndi shuga wokwera osadziwa, ena mwa iwo osanenepa konse, ndi kuti kupima kwa magazi kochedwa A1C, pakokha, kumaphonya ena a iwo. Cotero woonda asati nkhani iyi siimkhudza, ndipo pokapimitsa muuzeni dokotala kumene munabadwira.

ZOTI TICITE

1. Mbale. Theka la mbale likhale ndiwo zamasamba ndi zipatso, monga boma la America linalangizira m'caka ca 2011 pa cithunzi cao ca MyPlate. Kwathu alangizi anatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Nzeru yace ndi yomweyo. Sitikuti tileke nsima ai. Wodya mitanda itatu adye iwiri, ndipo ikhale ya mgaiwa ngati upezeka. Nyemba, nandolo, usipa, therere ndi masamba otendera ndi zakudya zabwino kuposa zambiri za m'mapaketi. Masamba a collard ndi kale alowa bwino m'malo mwa mpiru ndi repu.

2. Zakumwa. Citini cimodzi ca Coca-Cola ca mamililita 355 ciri ndi magalamu 39 a shuga, ndiwo masupuni a tiyi pafupifupi khumi. Bungwe la za umoyo la dziko lonse, WHO, linalangiza m'caka ca 2015 kuti shuga wothira asapitirire gawo limodzi mwa khumi la mphamvu ya cakudya ca tsiku, ndiwo masupuni ngati khumi ndi awiri kwa munthu wamkuru. Citini cimodzi ndi tiyi wa m'mawa wa masupuni atatu, muyeso wadutsa kale. Madzi a zipatso a m'mabotolo naonso ali ndi shuga wambiri. Cimene sicilowa m'nyumba, mwana sacipeza m'firiji.

3. Mcere. WHO iti mcere usafike magalamu 5 pa tsiku, ndiyo supuni imodzi ya tiyi, kuwerengera ndi umene uli kale m'buledi, m'masoseji ndi m'timibulu tokometsera ndiwo. Mcere wambiri ukweza kuthamanga kwa magazi. Cotsani mcere pa gome.

4. Kuphika. Tidziwa kuti nthawi njocepa. Phikani nyemba ndi ndiwo zambiri tsiku limene muli pa chuthi, gawani m'timbale, ikani mozizira. Ana a zaka khumi ndi zitatu angathe kuphika. Ife pa msinkhu umenewo tinali kuphikira nyumba yonse, ndipo mnyamata naye aphunzire kugwira mthiko.

5. Kuyenda. Malangizo a boma la America a 2018 ati wamkuru afunika mphindi 150 pa sabata, ndiye mphindi 30 masiku asanu, ndi masiku awiri a nchito yolimbitsa minofu. Mwana wa zaka 6 kufikira 17 afunika ora lathunthu tsiku liri lonse. Mphindizo mungathe kuzidula: khumi pa nthawi yopuma ku nchito, khumi potsika basi ya Ride On patali pang'ono, khumi mutadya madzulo. Kubvina pa ukwati nakonso kuwerengedwa.

6. Malo alipo. Ku South Germantown Recreational Park kuli mabwalo a mpira a Maryland SoccerPlex, dziwe losambiramo la m'nyumba ndi njira zoyendamo. Ku Black Hill Regional Park mungayende m'mbali mwa nyanja ya Little Seneca, ndipo ku Seneca Creek State Park kuli njira yozungulira Clopper Lake. Kholo lodikira mwana ku mpira lisakhale m'galimoto ndi foni, lizungulire bwalo. Nthawi ya cisanu yendani m'kati mwa nyumba za masitolo akuru.

7. Munda. M'caka ca 1980 boma la Montgomery County linapatula maekala 93,000 kuti akhalebe a ulimi, ndipo ayambira pa khomo pathu pomwe. Ku Butler's Orchard munthu athyola yekha zipatso m'munda. A Montgomery Parks amabwereketsa timinda tating'ono kwa ofuna kulima. Ife amene tidziwa kupanga mzere, tilekeranji kubzala nkhwani ndi bonongwe, ana athu nagwirako khasu?

8. Tulo. Wacinyamata afunika maora 8 kufikira 10 usiku uli wonse. Masukulu a sekondale a m'boma lino ayamba 7.45 m'mawa, wodzuka 6 koloko ayenera kukhala atagona pofika 10 koloko. Wosagona mokwanira amva njala ya zotsekemera. Mafoni agone pa balaza, ya atate ndi ya amai pamodzi.

9. Kupimitsa. Kuthamanga kwa magazi ndi shuga zingakhale m'thupi zaka osapweteka. Pimitsani caka ndi caka. Amene alibe inshuwalansi afunse za Montgomery Cares, ndipo za ana afunse za Care for Kids. Zonsezi nza boma la County, zothandiza opeza pang'ono. Mankhwala a jekeseni ocepetsa thupi alipo, ndipo mtundu wina unaloledwa kwa ana a zaka 12 kunka m'tsogolo m'caka ca 2022, koma ndi a dokotala okha. Musagule kwa munthu wa pa foni. Mwana akayamba kubisa cakudya, kusanza dala, kapena msungwana akaleka kusamba mwezi, musacedwe. Pitani naye ku cipatala.

MAU OTSIRIZA

Ife eni tiyambe. Pa misonkhano yathu ndi pa maliro pomwe timadzaza magome ndi nyama yokazinga, mandasi ndi makatoni a zakumwa, ngakhale pa maliro a munthu amene wapita ndi shuga. Tipempha amai ndi abambo ophika kuti pa msonkhano ukudzawu pakhale madzi, zipatso ndi ndiwo zamasamba zokwanira, ndipo zotsekemera zicepe. Tikatha kuwerenga ndarama, amene miyendo iwalola tidzayende pamodzi theka la ora, ana ali patsogolo. Mutu umodzi susenza denga. Woyenda yekha aleka msanga, koma wodikiridwa ndi mnzace pa khomo sagona.

Ndipo mlendo akabwera kucokera kwathu, mnong'onezeni asanalowe m'nyumba kuti polonjera ana afunse za sukulu, thupi lao alisiye.

Tinadza kuno kudzagwira nchito kuti ana aphunzire ndi kuti a kwathu adye. Bungwe lidzacita mbali yace tsiku likafika, monga licitira nthawi zonse. Koma cikondwero cathu cidzakhala kukuonani pa msonkhano, caka ndi caka, mukudzapereka nokha ndi manja anu.

Ndife anu pa nchito,
A Komiti.