Magalimoto Oyenda Cam'mbali: Zobvuta za Timagulu ta ku Migodi

Anthu a ku Kitwe ndi ku Ndola adziwa bwino phokoso la matayala olira pa tala, ndi utsi woyera wonunkha mphira umene utsala m'mbuyo. Ena akamva phokosolo ayesa kuti ndi mnyamata woledzera amene ali kuononga cuma ca atate wace, ndipo nthawi zina aganiza zoona. Koma alipo masewera enieni a mtundu umenewu, okhala ndi malamulo ndi oweruza, ndipo dzina lace ndi drift. Nkhani ya lero ifotokoza za masewerawo, makamaka za timagulu ta anthu anai kapena asanu amene afuna kupikisana popanda kampani yaikulu yowacirikiza.

Pa mpikisano wa liwiro wopambana ndiye amene ayamba kufika. Pa drift sizitero ai. Woyendetsa akafika pokhota acita dala kuti matayala a m'mbuyo aleke kugwira mseu, ndipo galimoto itsetsereka cam'mbali, iye naigwira ndi ciongolero ndi phazi la pa mafuta kuti isatembenukiretu. Oweruza ayang'ana njira imene wadzera, m'mene galimoto yapingasira, ndi kulimba mtima kwace. Pofuna kupeza wopambana, magalimoto atuluka awiriawiri, wina patsogolo, mnzace pambuyo pafupi ndithu, citseko kuyandikana ndi citseko, ndipo atatha asinthana malo.

Masewerawa anabadwira ku Japan. Kunimitsu Takahashi ankakhota motero pa mipikisano ya m'zaka za m'ma 1970, ndipo anyamata anamtsanzira usiku m'miseu ya m'mapiri. Wochuka mwa iwo anali Keiichi Tsuchiya, amene anajambulidwa kanema mu 1987 ali kuyendetsa Toyota AE86. Mpikisano wa D1 Grand Prix unayamba ku Japan mu 2001, ndipo wa Formula Drift ku America mu 2004. Alipo masewera ena apacibale ochedwa spinning, amene anakulira ku Soweto m'zaka za m'ma 1980 ndi galimoto ya BMW 325i. M'menemo galimoto izungulira pa bwalo limodzi, woyendetsa nacita zodabwitsa kuti anthu akondwere. Anthu a m'tauni asokoneza maina awiriwa, koma kwa wosunga thumba la kagulu kusiyana kwace nkocepa, pakuti onse awiri adya matayala.

Bvuto loyamba ndi galimoto yeniyeniyo. Iyenera kukhala yokankhidwa ndi mawilo a m'mbuyo. Koma magalimoto ambiri ogwirapo kale nchito amene acokera ku Japan, natsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowera pa Nakonde, ndi okokedwa ndi mawilo a kutsogolo, ndipo pa drift alibe phindu. Oyenera ndi monga Toyota Altezza, Toyota Mark X, Nissan Silvia ndi ma BMW akale. Tsono Silvia analeka kuipanga mu 2002, Altezza mu 2005, Mark X mu 2019. Citsulo cikathyoka, makaniko ayenda kwa ogulitsa zitsulo za magalimoto akufa, kapena aitanitsa kunja nadikira masabata. Galimoto ikapezeka nchito ndiye yangoyamba kumene. Aocherera difu kuti mawilo awiri a m'mbuyo azizungulira pamodzi. Aika handibuleki yamphamvu, asintha ciongolero kuti cizikhota kwambiri, namanga khola la mapaipi m'katimo kuti munthu asaphwanyike galimoto ikagubuduzika. Mpando wace, malamba, cisoti colimba ndi cozimira moto, zonsezi zifuna ndalama mpikisano usanayambe. Injininso ibvutika, cifukwa ili kulira kwambiri pamene mphepo siilowa bwino pa rediyeta ya galimoto yoyenda cam'mbali. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Migodi litakwiya, madzi sacedwa kuwira.

Koma cimene cigwetsa timagulu tambiri ndi matayala. Munthu wamba agula tayala kuti limtumikire zaka ziwiri kapena zitatu. Wa drift agula tayala kuti aliocheretu, pakuti utsi umene anthu auombera m'manja ndi mphira wa tayalalo. Pa mipikisano yaikulu ya ku America matayala awiri a m'mbuyo atha galimoto itathamanga kawiri kokha. Galimoto ya kagulu kakang'ono ilibe mphamvu zotere, komabe tsiku limodzi la masewera limaliza matayala angapo. Kale ku Ndola kunali fakitale ya Dunlop yopanga matayala, koma inatsekedwa dziko litatsegula malire a malonda pambuyo pa 1991, ndipo ogulitsa aitanitsa matayala kunja ndi ndalama zakunja. Cifukwa cace osauka agula matayala akale kwa omata mipira a m'mbali mwa mseu. Ochipawo ali ndi msampha wace. Sagwira mofanana, lina lolimba lina lofewa, ndipo lina liphulika pakati pa mpikisano, waya wace nakwapula mapaipi a mabuleki ndi thupi la galimoto. Coipa koposa ndi ici: luso la drift limadza ndi kuyeseza, ndipo kuyeseza kudya matayala monga mpikisano womwe. Wopanda ndalama asunga matayala ace kudikira tsiku lalikulu, nafika pa bwalo asanayeseze. Pamenepo agonja kwa mnzace amene samposa nzeru, koma wangoocha matayala ambiri.

Ndalama zimenezi zicokera m'malipiro a eni ace. Wina ndi makaniko, wina woocherera zitsulo, wina wanchito wa pa mgodi amene abwera ku garaja atatsika shifiti. Motero moyo wa kagulu utsata mtengo wa mkuwa. Mu 2015 mtengowo unagwa, kwacha inacepa mphamvu kwambiri, ndipo kampani ya Mopani, ya migodi ya ku Kitwe ndi ku Mufulira, inacotsa anchito zikwi zingapo. Pa nthawi yotere tayala likwera mtengo mwezi womwewo umene malipiro atha, ndipo mai wa kunyumba sacimwa akafunsa ngati utsi udzalipira sukulu ya ana.

Akulu akumbukira masiku a ZCCM, pamene migodi inali kusamala mabwalo ndi magulu a masewera m'makomboni. Migodiyo itagulitsidwa, nchito imene inatha mu 2000, cisamaliro cotere cinacepa. Makampani amene apereka ndalama ku masewera ayang'ana kumene kuli khamu, ndipo khamu liri ku mpira wa miyendo, kwa Nkana ndi Power Dynamos ku Kitwe ndi Zesco United ku Ndola. Pa masewera a magalimoto mbiri ya Zambia iri pa rally, mpikisano wa liwiro wa m'miseu ya pfumbi. Satwant Singh anatenga cikho ca Africa kasanu ndi katatu, Muna Singh anacitenga mu 2004 ndi 2005, Jassy Singh mu 2013, ndipo Leroy Gomes ndi Urshlla Gomes mu 2022. Wa drift alibe zikho zotere zoti aonetse mwini kampani. Akapeza wogulitsa zitsulo womupatsa oilo posinthana ndi dzina lolembedwa pa citseko, ayesa mwai.

Bvuto lina ndi bwalo. Ku Chingola kunamangidwa kale bwalo la mipikisano la Lawrence Allen, cizindikiro cakuti masewera a magalimoto si acilendo ku Migodi. Koma drift ifuna tala wosalala ndi wotakata, zochinga zolimba pakati pa galimoto ndi oonerera, ambulansi, ndi cilolezo. Mwini malo oimikapo magalimoto sakondwa kuona tala wace atada ndi kukumbika. Bungwe loyang'anira masewera a magalimoto m'dziko ndi Zambia Motor Sports Association, ndipo kulowa mpikisano wobvomerezeka kufuna ciphaso ndi ndalama zolembetsera. Ena poona zimenezi apita kukayeseza pa mphambano usiku. Kumeneko kulibe cochinga, ana athamangira kutsogolo kuti aone bwino, ndipo galimoto yotsetsereka siimva mabuleki. Apolisi ndi a RTSA akaigwira sacimwa. Inshuwalansi ya masiku onse siilipira ngozi ya pa mpikisano, ndipo munthu mmodzi akapweteka, eni malo amene anali pafupi kubvomera atseka zipata zao kwa onse, ngakhale kwa iwo amene atsata malamulo.

M'kati mwa kagulu namonso muli milandu. Kawirikawiri thupi la galimoto ndi la wina, injini anagula wina, ndipo makaniko wagwira usiku wambiri osalandira kanthu. Woyendetsa yekha ndiye amene anthu amuimbira m'manja. Galimoto ikagunda ya mnzace pa kuthamanga kwa awiriawiri, mwambo wa mipikisano ndi wakuti yense akonza yace, ndipo funso lakuti alipire ndani libwerera ku garaja. Magulu anzeru alemba m'buku cimene yense waika, napangana za kuonongeka galimoto isanatuluke pa cipata.

Mpikisano ukakhala ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 300 kucokera ku Ndola, galimoto ya difu yoocherera siiyenera kuyenda yokha ulendo wotere. Ifuna ngolo ndi galimoto yina yoikoka, mafuta a kupita ndi kubwera, ndi malo ogona anthu onse. Mphotho, ngati iripo, kawirikawiri siifika pa ndalama za ulendowo. Sabata madzulo amangirira galimoto pa ngolo, ayenda usiku kudzera ku Kabwe ndi ku Kapiri Mposhi, pakuti Lolemba m'mawa woyendetsa ayenera kukhala pa cipata ca mgodi.