Kuundana kwa madzi m'magalimoto ogonamo

Kuundana kwa madzi m'magalimoto ogonamo ndi vuto limene limabwera pamene madzi a m'mapaipi, m'mathanki ndi m'mipope ya galimoto yokhala ndi chipinda, khitchini ndi bafa asanduka ayezi chifukwa cha kuzizira. Magalimoto oterewa ku United States ndi ku Canada amawatchula kuti RV, pamene ku Britain amati motorhome kapena campervan. Makalavani, omwe ndi ngolo zogonamo zochita kukoka ndi galimoto ina, amakumananso ndi vuto lomweli. Limachitika kwambiri kumpoto kwa America ndi ku Ulaya kuyambira Novembala mpaka Malichi, komanso m'madera okwera a ku South Africa monga Sutherland m'miyezi ya Juni ndi Julayi.

Madzi akaundana, m'galimoto simukhala madzi akumwa, ophikira kapena ogujumulira chimbudzi. Koma chachikulu ndi chakuti mapaipi amaphulika m'kati mwa makoma ndi pansi pa makabati, ndipo mwini wake amadzazindikira ayezi atasungunuka, madzi atanyowetsa kale matabwa. Kwa munthu amene galimotoyo ndiyo nyumba yake yokhayo, zimenezi zingamusiye opanda pokhala m'kati mwa nyengo yozizira.

Mmene madzi amayendera m'galimotomo

Galimoto yogonamo imakhala ndi thanki ya madzi abwino ndi pampu yaing'ono yoyendera batire la mavoti 12, imene imakankha madzi kupita ku sinki, ku shawa ndi kuchimbudzi. Pamakhalanso giza yotenthetsa madzi, yomwe m'magalimoto ambiri a ku America imalowa malita pafupifupi 23 kapena 38. Galimoto ikaima pamalo olipira, mwini wake angathe kulumikiza paipi yamphira ku mpope wa pamalopo n'kusiya kugwiritsa ntchito pampu. Madzi otsukira ndi osamba amatsikira m'thanki yawoyawo, ndipo za m'chimbudzi zimapita m'thanki ina. Mathanki awiriwa nthawi zambiri amakhala kunsi kwa galimoto ndipo amatsegulidwa ndi mavalavu ochita kukoka. Ku Ulaya zimbudzi zambiri zimakhala ndi kathanki kochotseka kamene munthu amanyamula kukakhuthula.

Makoma a galimoto ndi opyapyala poyerekeza ndi a nyumba, ndipo kunsi kwake kumadutsa mphepo. Mapaipi a nyumba za kumayiko ozizira amakwiriridwa pansi penipeni pomwe nthaka siundana, koma a galimoto amangokhala m'malere.

Chifukwa chake mapaipi amaphulika

Madzi amaundana pa madigiri 0 ndipo akasanduka ayezi amafufuma ndi 9 peresenti. Anthu ambiri amaganiza kuti paipi imang'ambika pamalo pamene pali ayezi. Ofufuza a ku University of Illinois, omwe anayesa mapaipi a m'nyumba m'zaka za m'ma 1990, anasonyeza kuti kawirikawiri sizikhala choncho. Ayezi amayamba watseka paipi pamalo amodzi, kenako amakula motsatira paipiyo n'kumapanikiza madzi amene atsekeredwa pakati pa iye ndi mpope wotseka. Madzi safinyika, choncho mphamvu yake imakwera mpaka china chake chithetheke, ndipo chimathetheka ndi chimene chili chofooka kwambiri, ngakhale chili patali ndi ayeziyo. N'chifukwa chake kungotsegula mpope kumapulumutsa mapaipi ngakhale madzi ataundana kale.

Magalimoto amakono amaikidwa mapaipi apulasitiki otchedwa PEX, ofiira a madzi otentha ndi abuluu a madzi ozizira. Mapaipi amenewa amatamuka pang'ono, motero saphulika wamba. Zimene zimasweka msanga ndi zolumikizira zake zolimba, mutu wa pampu, chotengera cha sefa, kavalavu ka kumbuyo kwa chimbudzi ndi mpope wa shawa ya panja. Giza ndiyo yodula kwambiri ikang'ambika, ndipo nthawi zambiri sikonzeka, imafunika kugula ina. Mathanki akuluakulu amachedwa kuundana chifukwa madzi ambiri amasunga kutentha, koma timapaipi totulukira ndi mavalavu ake timagwidwa mofulumira.

Kuzizira kwa maola awiri kapena atatu m'bandakucha nthawi zambiri sikuwononga kanthu ngati masana kukutentha. Ngozi imakula pamene kuzizira kwakhala pansi pa madigiri 0 usana ndi usiku. Mphepo siipangitsa paipi kuzizira kuposa mpweya wozungulira, koma imafulumizitsa kutaya kutentha, ndipo galimoto yoyenda pamsewu imadzipangira yokha mphepo yotero.

Kuchotsa madzi galimoto isanasungidwe

Njira yodalirika kuposa zonse ndi kusasiya madzi m'mapaipi. Mwini galimoto amakhuthula mathanki onse, amazimitsa giza n'kudikira kuti izizire asanaitulutse madzi, kenako amatsegula mipope yonse pamodzi ndi timavalavu tokhala pamalo otsikitsitsa a mapaipi. Madzi otsalira amawatulutsa ndi mpweya wa kompresa, pa mphamvu ya pakati pa 30 ndi 40 psi, chifukwa mphamvu yochuluka ingathe kuwononga zolumikizira.

Ku America ambiri amapitiriza ndi kupopera m'mapaipi mankhwala apinki oletsa kuundana, opangidwa ndi propylene glycol kapena ethanol, mpaka mpope uliwonse utulutse madzi apinki. Giza amayamba aitseka ndi mavalavu olambalala kuti isameze mankhwala ambiri pachabe. Pa zigubu zambiri pamalembedwa -50 °F, omwe ndi madigiri pafupifupi -46. Nambala imeneyi imasokoneza anthu. Sikutanthauza kuti mankhwalawo amakhalabe amadzimadzi mpaka pamenepo; amayamba kulimba ngati phala kuzizira kusanafike patali chotero, koma safufuma moti n'kuswa paipi. Akasakanikirana ndi madzi otsalira mphamvu yake imachepa. Mankhwala a mu rediyeta ya injini, omwe ali ndi ethylene glycol, ndi poizoni ndipo sayenera kulowa m'mapaipi a madzi akumwa ngakhale pang'ono.

Ku Ulaya anthu ambiri amangokhuthula madzi n'kusiya mipope yotsegula. Kampani ya ku Germany ya Truma imaika pa magiza ake valavu yotchedwa FrostControl imene imatseguka yokha kuzizira kukafika madigiri pafupifupi 3 n'kutayira pansi madzi a mu giza. Imalola kutsekedwanso pokhapokha pamalopo patenthe kufika madigiri 7. Ogula kumene amadabwa kupeza chithaphwi pansi pa galimoto m'mawa, osadziwa kuti giza yawo yapulumuka.

Kukhala m'galimoto m'nyengo yozizira

Nkhani imavuta kwa anthu amene akugonamo ndipo akufuna madzi tsiku ndi tsiku. Cha m'ma 2010, ntchito yokumba mafuta itakula m'dera la Bakken ku North Dakota, nyumba zinasowa m'matauni ngati Williston, ndipo antchito ambiri ankakhala m'makalavani chaka chonse, kudera kumene usiku wa mu Januwale kumazizira kupitirira madigiri -20. Magalimoto ambiri sanapangidwire moyo wotere. Ku Ulaya kuli muyezo wotchedwa EN 1646-1, ndipo galimoto imapatsidwa giredi 3 ngati hita yake itha kutenthetsa m'kati kufika madigiri 20 m'maola anayi kunja kuli -15, madzi n'kumayenda. Ku America mawu oti galimoto ndi ya nyengo zonse zinayi kawirikawiri amangokhala a otsatsa malonda, ndipo kampani iliyonse imawamasulira mwa njira yake.

Chinthu choyamba chimene okhala m'magalimotowa amachita ndi kutchinga kunsi kwa galimoto mozungulira ndi lona, matabwa kapena thovu lolimba, kuti mphepo isadutse. Ena amaika mitolo ya udzu wouma, koma udzu umaitana mbewa ndipo sukhalira kugwira moto. Paipi yochokera ku mpope wa panja ndiyo imayamba kuundana, choncho amagula yokhala ndi waya wotenthetsa kapena amaikulunga ndi tepi yamagetsi yotenthetsa. Anzeru ambiri amangodzaza thanki ya m'kati masana, n'kuchotsa paipiyo, kuikhuthula ndi kuisunga pofunda. M'kati amasiya zitseko za makabati zotsegula usiku kuti mpweya wotentha ufike ku mapaipi a m'mbali mwa khoma.

Pali msampha wina umene umagwira anthu ofuna kusunga gasi. Hita ya gasi ya galimoto imakhala ndi njira zotumizira mpweya wotentha kunsi, komwe kuli mathanki. Munthu akayatsa hita yamagetsi m'chipinda, chipindacho chimafunda, hita ya gasi siyaka chifukwa choyezera kutentha chikuona kuti zonse zili bwino, ndipo kunsi kumaundana mwini wake ali mtulo.

Gasi nayenso amakhudzidwa ndi kuzizira. Wa mtundu wa butane amasiya kutuluka m'silinda kuzizira kukafika pafupi ndi madigiri 0, pamene wa propane amatuluka mpaka pa -42, ngakhale mphamvu yake imachepa kukamazizira kwambiri. Fani ya hita imayendera batire ndipo ingathe kulimaliza usiku umodzi kapena uwiri ngati palibe magetsi ena. Mabatire a lithium sayenera kutchajidwa ali ozizira pansi pa madigiri 0. Motero madzi amadalira hita, hita imadalira gasi ndi batire, ndipo chimodzi chikafa zonse zimatsatira.

Zimenezi zinaoneka ku Texas mu Febuluwale 2021. Chigawo chimenechi ndi kumene anthu ambiri opuma pantchito amathawirako ndi magalimoto awo pozemba kuzizira kwa kumpoto. M'sabata ya pakati pa mweziwo ku Dallas kunazizira kufika madigiri -19, ndipo nyumba ndi mabizinesi oposa 4 miliyoni anakhala opanda magetsi, ena kwa masiku angapo. Mapaipi otenthetsedwa ndi magetsi anasanduka mapaipi wamba. Boma la Texas linawerengera anthu 246 omwalira chifukwa cha nyengoyo, ndipo ena mwa iwo anafa ndi mpweya wa carbon monoxide pofuna kudzifunditsa.

Pa mathanki a madzi oipa, lamulo ndi lakuti mavalavu azikhala otseka mpaka thanki itatsala pang'ono kudzaza, kenako ikhuthulidwe kamodzi masana. Valavu ikasiyidwa yotsegula, madzi amayenda pang'onopang'ono m'paipi yotayira n'kumaundana mosanjikizana mpaka paipi yonse ikhale chimtengo cha ayezi. Pa chifukwa chomwechi, njira yosiya mpope ukudontha usiku wonse, yomwe imathandiza m'nyumba, m'galimoto imangosamutsa vuto: imadzaza thanki kapena kutseka paipi yotayira, madzi n'kubwerera mu shawa. Ena amathira mchere m'mathanki, koma ngakhale madzi amchere kwambiri amaundana pa madigiri -21, ndipo mcherewo umadyetsa dzimbiri zitsulo. Kukazizira mopyola, ambiri amakhuthula zonse n'kumasunga madzi akumwa m'zigubu m'chipinda, ndipo chimbudzi amachithira mankhwala apinki aja m'malo mwa madzi.

Kusungunula madzi akaundana

Chizindikiro choyamba ndi mpope wotulutsa madzi ochepa kapena osatulutsa konse, kapenanso pampu yongolira osakoka kanthu. Pampu iyenera kuzimitsidwa nthawi yomweyo, ndipo ngati galimoto yalumikizidwa ku mpope wa panja, nawonso utsekedwe. Giza izimitsidwe mbali ya gasi ndi ya magetsi yomwe, chifukwa chitsulo chotenthetsera chimapsa chikayaka popanda madzi. Kenako mipope yonse, ya madzi otentha ndi ozizira, itsegulidwe.

Pomwe pali ayezi pamadziwika poona mipope imene ikugwira ntchito. Ngati yonse yauma, vuto lili pafupi ndi thanki, pampu kapena polowera madzi. Ngati ndi umodzi wokha, lili pa paipi yopita kumeneko, makamaka pamene yagunda khoma lakunja kapena yadutsa pafupi ndi matayala. Hita ya gasi ikwezedwe, makabati atsegulidwe, ndipo pamalo okayikitsawo pauziridwe mpweya wa chowumitsira tsitsi, kuyambira ku mpope kubwerera m'mbuyo kuti madzi osungunuka apeze potulukira. Matawulo oviika m'madzi ofunda amathandizanso. Ntchitoyi ingatenge maola ambiri, ndipo thanki yoti yaundana yonse ingatenge tsiku lathunthu kapena kuposa. Amene ali ndi mwayi amalowetsa galimoto m'galaja yotenthetsedwa.

Moto wa mtundu uliwonse ndi woletsedwa. Mapaipi ndi apulasitiki, makoma ndi a matabwa ndi thovu, ndipo mapaipi a gasi amadutsa momwemo. Mbaula ya makala, chitofu chophikira kapena jenereta zikayatsidwa m'kati kapena kunsi kwa galimoto yotchingidwa zimatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali mtulo. Valavu ya thanki ya chimbudzi ikalimba isakokedwe mwamphamvu, popeza chogwirira chimathyoka kapena mphira wake amang'ambika, ndipo zotsatira zake zimadzaoneka pa tsiku lofunda.

Madzi akayambanso kuyenda, mipope yonse itsekedwe ndipo pampu iyatsidwe. Pampu yabwino imalira pang'ono n'kukhala chete. Ikamadzuka yokha pakapita mphindi zingapo popanda wotsegula mpope, ndiye kuti penapake pakudontha, ndipo malo oyamba kuyang'ana ndi kumbuyo kwa chimbudzi, pansi pa sinki ndi pa sefa ya pampu.