Maginito Amene Amajambula Mtima Ukugunda

Ana inu, ikani dzanja pachifuwa, chakumanzere pang'ono. Mwaumva? Mtima wanu umagunda pafupifupi ka 100,000 tsiku lililonse, ndipo supuma ngakhale inu muli m'tulo. Kuti ugwire ntchito yonseyi umafuna chakudya ndi mpweya wa okosijeni, zomwe zimayenda m'magazi.

Mwina mukuganiza kuti mtima sungasowe magazi poti magazi onse a m'thupi amadutsa mkati mwake. Ayi ndithu. Mnofu wa mtima ndi wokhuthala, ndiye magazi odutsa m'zipinda zake sangaufikire wonse. Uli ndi mitsempha yakeyake yoyanga pamwamba pake. Ikuluikulu ndi iwiri, wakumanzere ndi wakumanja, ndipo kukula kwa uliwonse ndi mamilimita 3 kapena 4 basi. Mitsemphayi imagawikana n'kukhala timitsempha ting'onoting'ono tolowa mu mnofu.

Munthu akamakula, mafuta amatha kumatirira m'kati mwa mitsempha imeneyi mpaka njira ya magazi kuchepa. Kusuta fodya, matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimafulumizitsa vutoli. Zimatenga zaka zambiri, n'chifukwa chake amene amadwala kwambiri ndi akuluakulu. Agogo akakhala pansi samva kanthu, koma akamakwera chitunda mtima umafuna magazi ochuluka, mtsempha wothinawo sukwanitsa, ndiye pachifuwa pamayamba kulemera ndi kupweteka.

Nanga dokotala angadziwe bwanji mtsempha umene wathina popanda kung'amba chifuwa? Njira imodzi ndi makina a MRI.

Makinawa ndi chimaginito chachikulu chokhala ndi mphako pakati, momwe wodwala amalowetsedwa atagona pa kabedi koyenda. Dziko lathuli nalonso lili ndi mphamvu ya maginito, imene imatembenuza kampasi, koma maginito a MRI amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri amaiposa pafupifupi ka 30,000. N'chifukwa chake makiyi, ndalama zachitsulo ndi foni zimatsala panja, ndipo wodwala amafunsidwa ngati ali ndi chitsulo chilichonse m'thupi.

Chimene makinawa amamvetsera ndi madzi. Gawo loposa theka la thupi lathu ndi madzi, ndipo m'madzi muli tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa haidrojeni. Maginito amafoletsa tinthuti kuti tiloze mbali imodzi. Kenaka makina amatumiza mafunde a wailesi amene amatigwedeza, ndipo mafundewo akaleka, tinthuto timabwerera m'malo mwake tikutulutsa timafunde tawo tofooka. Mnofu, mafuta ndi magazi zimayankha mosiyana, ndipo kompyuta imasandutsa mayankhowo kukhala chithunzi. Palibe cheza cha X-ray chimene chimalowa m'thupi. Paul Lauterbur wa ku America ndi Peter Mansfield wa ku Britain analandira mphotho ya Nobel mu 2003 chifukwa cha nzeru imeneyi. Kwathu kuno, makina a MRI amene anaikidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008 anathandiza kuonetsa kuti ana ambiri amene amamwalira ndi malungo a mu ubongo amakhala atatupa ubongo.

Ubongo umakhala phee pojambulidwa, koma mtima sungauzidwe kuti uime kaye. Choncho pachifuwa cha wodwala amamatapo timawaya towerenga kugunda kwa mtima, kuti makina azidziwa nthawi yeniyeni yojambulira pa kugunda kulikonse. Amamupemphanso kuti agwire mpweya kwa masekondi 10 kapena 15, chifukwa tikamapuma mtima umakwera ndi kutsika. Zithunzizo zikalumikizidwa, dokotala amaona mtima ukufinya ndi kumasuka pa kanema. Makinawa amagogoda mokweza kwambiri, ndiye wodwala amavala zotsekera m'makutu.

Tsopano tafika pamene ine pamandisangalatsa koposa. Mitsempha ija ndi yaing'ono ndiponso imagwedezeka nthawi zonse, choncho kuijambula bwinobwino ndi MRI n'kovuta. Madokotala amayang'ana mnofu umene mitsemphayo imadyetsa. Taganizirani za dimba lothirira ndi ngalande zokwiririka ndi udzu. Simukuziona ngalandezo, koma mukatsegula madzi n'kuona bedi limodzi la mpiru likuchedwa kunyowa, mwadziwa kale ngalande imene yatsekeka.

Amayamba ndi kulowetsa mu mtsempha wa pamkono mankhwala otchedwa adenosine, amene amatsegula timitsempha ta mtima ngati mmene timatsegukira munthu akamathamanga, chikhalirecho iye ali gone. Kwa mphindi zochepa amamva kutentha ndi kubanika pang'ono, koma akangosiya kulandira mankhwalawo zimatha msanga. Timitsempha tili chotsegukacho, amalowetsa mankhwala ena okhala ndi gadolinium, amene amawala pa chithunzi. Mbali ya mnofu yolandira magazi okwanira imayera msangamsanga. Mbali yodyetsedwa ndi mtsempha wothina imatsalira ili yakuda. Poti mtsempha uliwonse uli ndi dera lake, malo a mdimawo amaulula mtsempha wolakwa. Wodwala amauzidwiratu kuti asamwe khofi, tiyi kapena Coca-Cola kwa maola angapo, nthawi zambiri tsiku lathunthu, chifukwa kafini wa mu zakumwazi amalepheretsa adenosine kugwira ntchito.

Kodi njirayi ndi yodalirika? Madokotala a ku Leeds, ku England, anaiyesa pa anthu 752 amene ankaganiziridwa kuti ali ndi matendawa. Zotsatira zake zinatuluka mu 2012, ndipo zinaonetsa kuti MRI inkapeza odwala ambiri kuposa njira ina yodziwika yotchedwa SPECT.

Tibwerere kwa wodwala uja: pakadutsa mphindi pafupifupi 10 atalandira gadolinium, amajambulanso. Pofika nthawiyi gadolinium amakhala atachoka mu mnofu wamoyo, koma amachedwa kuchoka pamene mnofu unafa n'kusanduka chipsera. Chipseracho chimaoneka choyera mbee pakati pa mnofu wakuda, ndipo nthawi zina chimasonyeza kuti munthu anadwalapo mtima iye osadziwa. Dokotala amayeza kuzama kwake. Ngati chipsera chadya zoposa theka la khoma la mtima, mbali imeneyo kawirikawiri siyambanso kufinya bwino ngakhale mtsempha utatsegulidwa. Ngati ndi chaching'ono kapena palibe, mnofuwo ndi wamoyo, wangofooka ndi njala ya magazi. Apa dokotala ndi wodwala amakambirana zoyenera kuchita: kumwa mankhwala, kuika kawaya kolukidwa kotsegula mtsempha kotchedwa stent, kapena opaleshoni yolumikiza mtsempha wina wolambalala pamene pathinapo.