Zitupa ndi unzika wa ana a matchona ku Zengeza

M'dera la Zengeza, lomwe pamodzi ndi Seke ndi St Mary's linapanga tauni ya Chitungwiza ku Zimbabwe mu 1978, mukukhala mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale a Salisbury (lero Harare), makamaka pa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1953 mpaka 1963. Ambiri a iwo anatchona, ndipo adzukulu awo, amene ena sanapondeko ku Malawi, ndiwo akuvutika lero ndi nkhani ya zitupa.

Mmalawi wongopita kukaona abale safunika viza polowa m'Zimbabwe, koma amapatsidwa masiku owerengeka pachipata, ndipo akafuna kugwira ntchito amayenera kupeza chilolezo ku ofesi yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko. Vuto la obadwira komweko ndi lozama kuposa pamenepa. Lamulo la unzika la 1984 linaletsa munthu kukhala nzika ya mayiko awiri, ndipo pamene linakhwimitsidwa mu 2001, aliyense amene ankaganiziridwa kuti ali ndi unzika wina anapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi yoti aukane motsata malamulo a dziko linalo. Anthu ambiri a m'mafamu ndi m'makomboni sanathe kutero, popeza analibe chikalata chilichonse cha Malawi choti akane, ndipo anangopezeka kuti akuwerengedwa ngati alendo, zitupa zawo zili ndi chilembo cha A, chosonyeza mlendo wosaloledwa kuvota.

Malamulo aakulu a dziko a 2013 anayesa kukonza zimenezi, pakuti gawo 43 limati munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowa asanatulutsidwe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndiponso amene ankakhala m'dzikomo pa nthawiyo, ndi nzika mwa kubadwa. Malamulo omwewa anaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka ndi boma. Komabe ufulu wolembedwa papepala umafuna umboni, ndipo umboni woyamba ndi kalata ya kubadwa, imene ofesi ya kalembera imapereka ikaona zitupa za makolo kapena ikamva mboni za pachibale zomwe nazonso zili ndi zitupa. Ngati gogo anamwalira pafamu wopanda pepala, mwana wake salembedwa, mdzukulu salembedwanso, ndipo kusowako kumayenda ndi mtundu. Mu 2021 bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti losonyeza mmene anthu otere atsalira opanda dziko lowatcha ake.

Zotsatira zake zimaoneka tsiku ndi tsiku. Wopanda chitupa sangatsegule akaunti kubanki, sangalembetse nambala ya foni m'dzina lake kuti agwiritse ntchito EcoCash potumiza ndi kulandira ndalama pafoni, ndipo ndalama zimene mbale watumiza kuchokera ku Johannesburg kudzera pa Mukuru zimayenera kulandiridwa ndi munthu wina, zomwe zimaika chuma cha banja m'manja mwa mnansi. Mwana naye amavutika kulembetsa mayeso a boma. N'zosayenera kuti anthu amene makolo awo anakhetsa thukuta pomanga Harare azifunsidwa mapepala amene boma lachitsamunda silinawapatse, ndipo mabanja amene akadali ndi okalamba okhala ndi zitupa achita bwino kupita nawo ku ofesi ya kalembera mboni zimenezi zikadali moyo.