Zimene ngozi ya damu la Merriespruit inatiphunzitsa

Usiku wa pa 22 February 1994, damu losungiramo matope a pamgodi wa golide linagumuka ku Merriespruit, m'tauni ya Virginia ku South Africa. Matopewo anagwetsa nyumba 80 ndi kupha anthu 17.

Madzulo a tsikulo kunagwa mvula pafupifupi mamilimita 50 m'mphindi 30 zokha. Komabe ofufuza anapeza kuti mvulayo inapeza damulo lili kale pangozi. Mu 1993 oyang'anira mgodi anagwirizana zosiya kuligwiritsa ntchito, koma matope ndi madzi ankathiridwamobe. Madziwo anadikha pafupi ndi khoma, kutali ndi potulukira pake, ndipo malo olandirira madzi a mvula anatsala ochepa. Atasefukira, anakokolola khomalo mpaka linagwa.

Phunziro loyamba ndi lakuti khoma la damu liyenera kutalika mokwanira kuposa pamene madzi afika, kuti mvula yadzidzidzi ipeze malo. Lachiwiri, damu limene laleka kugwira ntchito liyenera kuyenderedwabe ndi akatswiri. Lachitatu, nyumba zisamangidwe kumunsi kwake: za ku Merriespruit zinali pamtunda wa mamita pafupifupi 300 kuchokera pakhoma. Mu 1998 dziko la South Africa linakhazikitsa ndondomeko yoyendetsera madamu a m'migodi.

Vutoli silinathe m'chigawo chino. Mu February 2025 damu la pamgodi wa kopa ku Chambishi, m'dziko la Zambia, linagumuka ndipo madzi a asidi analowa mumtsinje wa Kafue. Nsomba zinafa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi a m'mipope.